Kuona Maselo Amoyo pa Maikulosikopu Popanda Kuwapaka Utoto

Aliyense amene anagwirako ntchito mu labu ya chipatala amaudziwa mwambo wake: paka magazi pa silaidi, umitsa, thira methanol, kenako Giemsa. Makhololo oyezera TB nawo amayamba awambidwa pamoto asanathiridwe Ziehl-Neelsen. Zithunzi zimatuluka zooneka bwino, koma chimene mukuyang'anacho ndi mtembo. Sungafunse mtembo kuti umayenda bwanji, umagawikana nthawi yanji, kapena umatani ukakumana ndi mankhwala. Ulipo utoto wowala umene umalowa m'selo lamoyo, inde, koma umafuna kuwala kwamphamvu kumene kumalivulaza selolo, ndipo umazirala pamene mukuujambula.

Njira zili m'munsimu zimalisiya selo monga liliri. Chimene mumakonza ndi kuwala kokha, ndipo zambiri zimatheka pa maikulosikopu imene ili kale pa benchi panu.

Yambani mwamvetsa chimene mukusaka

Galasi likagwera mu ndowa ya madzi limasowa, ngakhale lili momwemo. Selo m'madzi ake limachita chimodzimodzi. Silimeza kuwala, ndiye silichita mdima kapena mtundu. Limangokuchedwetsa pang'ono kuwalako, chifukwa refractive index (muyezo wa mmene chinthu chimachedwetsera kuwala) ya madzi ndi 1.33 pamene ya m'kati mwa selo imakhala cha m'ma 1.36 mpaka 1.38. Diso ndi kamera zimazindikira kuwala ndi mdima basi, kuchedwa sizikumva. Ntchito yonse ndi kusandutsa kuchedwako kuti kukhale mdima ndi kuyera.

Amene anapeza njira yake, yotchedwa phase contrast, ndi Frits Zernike wa ku yunivesite ya Groningen ku Netherlands, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Atakaionetsa ku kampani ya Zeiss ku Jena sanaitengere kumtima, mpaka cha mu 1941 pamene anayamba kupanga makinawo. Zernike analandira mphoto ya Nobel mu 1953. Nzeru yake ndi iyi: kuwala kumalowa kudzera pa mphete yoboola ya mu condenser (lenzi ya pakati pa getsi ndi silaidi imene imasonkhanitsa kuwala), ndipo mu objective (lenzi yokuza chithunzi yoyang'anizana ndi silaidi) muli mphete ina yotuwa imene imachepetsa mphamvu ya kuwala kongodutsa osakhudza selo, n'kukusuntha ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a funde. Kuwala kumeneku kukakumananso ndi kumene kwamwazidwa ndi selo, mafunde awiriwa amafafanizana ndipo selo limaoneka lakuda. Mphete ziwirizi zikapanda kugonana bwinobwino, palibe chimene chichitike. Zithunzi zoipa zambiri za phase contrast zimachokera pamenepa, osati ku ukalamba wa makina.

Gawo 1: Onani zimene muli nazo

Tembenuzani ma objective muwerenge zolembedwa m'mbali mwake. Mukaona Ph1, Ph2 kapena Ph3, kawirikawiri m'zilembo zobiriwira, muli ndi phase contrast. Suzumirani pa condenser: ngati pali chozungulira chokhala ndi manambala omwewo, zida zakwana. Njira ina yotchedwa DIC (differential interference contrast, ya m'gawo 7) imafuna zambiri, polarizer ndi analyser (mafyuluta osefa kuwala) komanso ma prism awiri, ndipo ndi yodula. Ngati mulibe zonsezi musataye mtima, pitani ku gawo 6 mukamaliza gawo 3.

Chotengera cha maselo nacho chimalamula. Maselo olimidwa mu flask kapena mu mbale ya pulasitiki amafuna maikulosikopu yoonera chapansi, ndipo phase contrast imagwira bwino pa pulasitiki. DIC pa pulasitiki siigwira n'komwe.

Gawo 2: Konzani silaidi yopyapyala

Musaphunzirire pa maselo amene mwawalera milungu. Tengani yisiti ya mikate pang'ono pansonga ya supuni, muisungunule m'madzi ofunda okhala ndi kashuga, dikirani ola limodzi, kenako onjezerani madzi mpaka atangochita mbuu pang'ono. Kakhungu kopyapyala ka m'kati mwa anyezi nako n'kabwino, chifukwa mukakaika m'madzi msanga mumaona tinthu tikuyenda m'mphepete mwa selo. Maselo opala m'kati mwa tsaya ndi abwino poyesera mphete popeza ndi aphwatalala, ngakhale za moyo sakuonetsani zambiri.

Silaidi ndi coverslip zikhale zoyera kwenikweni. Coverslip yoyenera ndi ya nambala 1.5, yokhuthala mamilimita 0.17, imene ma objective ambiri anapangidwira. Dontho la ma microlitre 10 limakwanira pansi pa coverslip ya mamilimita 22. Igonekeni chopendekera, mbali imodzi iyambe kukhudza dontho, kuti mpweya uthawe. Madzi akachuluka coverslip imayandama ndipo maselo amangoyendayenda; mudzaganiza kuti ali ndi moyo wambiri pamene akungotengedwa ndi madzi.

Matani m'mbali kuti zisaume. Vaseline amachita, koma chabwino koposa ndi VALAP: vaseline, lanolin ndi phula la paraffin, miyezo yofanana, zosungunulira pamodzi. Polishi wa zikhadabo musiyireni masilaidi a zinthu zakufa, mankhwala ake amalowa pansi n'kupha maselo.

Ngati ndi magazi kapena china chochokera m'thupi la munthu, valani magulovesi, ndipo masilaidi mukathana nawo apite mu chlorine kenako mu bokosi la zobaya. Pa silaidi yamoyo HIV, hepatitis B ndi tizilombo tina tonse timakhala tamoyonso.

Gawo 3: Kolani kuwala monga anaphunzitsira Köhler

August Köhler anafalitsa njirayi mu 1893, ndipo mpaka lero ndiyo maziko a zonse. Imatenga mphindi imodzi mukaizolowera.

1. Ikani condenser pa malo opanda mphete, ndipo sankhani objective ya 10x.
2. Pezani fokasi. Poti maselo sakuoneka bwino, sakani m'mphepete mwa coverslip kapena kathovu ka mpweya, kenako sendererani ku maselo.
3. Tsekani field diaphragm, ija ya pansi potulukira kuwala, mpaka muone kabowo kowala pakati pa mdima.
4. Kwezani kapena tsitsani condenser mpaka m'mphepete mwa kabowoko mutaoneka mwakuthwa. Fokasi ya maselo musaikhudze.
5. Ndi masikuluwu awiri a condenser, kankhirani kabowoko pakati penipeni.
6. Tsegulani field diaphragm mpaka m'mphepete mwake mutangotuluka m'chithunzi, osapitirira.

Kuwala kukakuthobwani m'maso, chepetsani pa getsi. Chizolowezi chotsitsa condenser kuti zinthu zioneke chafala m'malabu ambiri, ndipo pofufuza mwachangu mazira a likodzo mu mkodzo chimathandizadi. Koma pa phase contrast chimasokoneza zonse, chifukwa kukula kwa mphete yowala kumasintha condenser ikachoka pamalo pake.

Gawo 4: Gonekani mphete ziwiri pamodzi

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo musathamange.

Sankhani objective, werengani nambala yake ya Ph, n'kutembenuzira condenser pa nambala yomweyo. Pa makina ambiri 10x imayenda ndi Ph1, 40x ndi Ph2, ndipo 100x ya mafuta ndi Ph3, koma khulupirirani zolembedwa pa objective yanu chifukwa makampani amasiyana. Tsegulani aperture diaphragm, kabowo kotseguka ndi kutsekeka ka m'kati mwa condenser, mpaka pamapeto. Ikakhala yotseka imaphimba mphete, chithunzi chimada bii, ndipo anthu amayamba kunamizira babu.

Silaidi ili pomwepo, sunthirani pamalo opanda maselo ambiri. Zulani eyepiece imodzi, mulowetse centering telescope, kachubu kaja kamene nthawi zambiri kamaiwalika pansi pa bokosi la makina. Potokolani kumutu kwake mpaka muone mphete ziwiri. Yowala ndi ya mu condenser. Yotuwa ndi ya mu objective, ndipo imeneyo siisuntha. Makina ena ali ndi Bertrand lens yomangiridwa kale, mumangoitembenuza. Ngati mulibe zonse ziwiri, suzumirani m'chubu ndi diso lokha mutatalikira pang'ono: mphete zioneka zazing'ono koma zioneka.

Tsopano sunthani mphete yowala mpaka ibisale yonse m'kati mwa yotuwa. Gwiritsani ntchito timakiyi ta mphete, timene timalowa m'mbali kapena kumbuyo kwa condenser. Masikuluwu aja a gawo 3 musawakhudze, apo ayi mwaphwasula zimene mwangomanga kumene. Mphete yowala ikamasuzumira kunja ngakhale kachigawo kochepa, kuwala kumadutsa kosachepetsedwa ndipo maselo amaoneka otumbuluka, mthunzi uli mbali imodzi. Ikakhala yaikulu kapena yaing'ono kuposa inzake, mwina nambala ya Ph ndi yolakwika kapena condenser siili pa msinkhu wake.

Bwezerani eyepiece. Ikani fyuluta yobiriwira ngati ilipo, popeza mphete zambiri anazipangira kuwala kwa ma nanometre pafupifupi 550. Objective iliyonse ili ndi mphete yake, choncho bwerezani pa iliyonse.

Gawo 5: Phunzirani kuwerenga chithunzicho

Zikakhala bwino, kumbuyo kumakhala kotuwa mofanana paliponse. Selo lomata pansi limaoneka loderapo, nucleus ili ndi malire ake, ndipo m'kati mwake muli timadontho takuda ta nucleolus. Pa 100x, m'mbali mopyapyala mwa selo, mitochondria amaoneka ngati timizere takuda topindika. Timatumba ta madzi timayera.

Pali zinthu ziwiri zimene phase contrast imanama. Choyamba ndi mkombero woyera wozungulira chinthu chilichonse chokhuthala. Si khungu la selo, si capsule (chokuta chakunja cha tizilombo tina), ndi kuwala kwa selo kumene kwalowerera mu mphete. Yisiti imauonetsa kwambiri, ndipo wophunzira amathamangira kujambula capsule imene kulibe. Chachiwiri, pakati pa chinthu chachikulu chaphwatalala pamayera kufanana ndi kumbuyo, ngati kuti pakatipo palibe kanthu. Chinthu chikakhuthala kwambiri mitundu imatha kutembenuka, chakuda n'kuyera. N'chifukwa chake simungatenge kuda kwa malo ngati muyezo wa kuchuluka kwa zimene zilipo.

Selo lozungulira lowala limasokoneza ambiri: kodi likugawikana kapena likufa? Logawikana limakhala losalala, ndipo nthawi zina mumaona mzere wakuda wa ma chromosome pakati. Mukabweranso pakatha ola mupeza awiri. Lakufa limakwinyika, limatuluka matuza m'mbali, kenako limanyamuka n'kuyandama. Chithunzi chimodzi sichiweruza mlanduwu. Nthawi ndiyo imaweruza.

Pa mbale ya mabowo 96 mudzaona kuti pakati pa bowo pakuoneka bwino koma m'mbali phase yasowa. Madzi amakwera m'khoma la bowo n'kupindika, ndipo kupindikako kumakhotetsa kuwala n'kuchotsa mphete pamalo pake. Jambulani pakati, kapena samukirani ku mabowo akuluakulu. Thukuta la pansi pa chivindikiro limachitanso zomwezo.

Gawo 6: Darkfield ya ndalama zochepa

Tembenuzirani condenser pa Ph3 koma mugwiritse ntchito objective ya 10x. Mphete ndi yaikulu kuposa pakamwa pa objective, ndiye kuwala kolunjika kumaphonya, kumalowa kokhako komwazidwa ndi maselo. Kumbuyo kumada, maselo n'kumanyezimira. Ngati mulibe mphete, matani kapepala kakuda kozungulira pakati pa galasi loyera la fyuluta pansi pa condenser, ndipo yesani masaizi angapo. Mukakasunthira pambali kapepalako kuti kuwala kulowe chopendekera, mumapeza chithunzi chamithunzi choyandikira DIC.

Darkfield ndi imene madokotala ankaonera kachilombo ka chindoko kamoyo kuyambira cha mu 1906, poti n'kowonda kwambiri moti m'kuwala wamba sikaoneka, ngakhale kuti ntchito imeneyo imafuna condenser yapadera ya mafuta. Vuto la darkfield ndi lakuti fumbi lililonse limawala ngati selo.

Osaiwala kuti nthawi zina kuyenda kokha kumakwanira. Ku Rumphi ndi ku Nkhotakota, kumene ntchentche za kashembe zimafalitsa matenda a kaodzera, dontho la magazi aawisi pa 40x limatha kuulula trypanosome, kachilombo koyambitsa matendawa, chifukwa maselo ofiira oyandikana naye amagwedezeka iye akamapalasa. Trichomonas, kachilombo ka matenda opatsirana pogonana, mu saline amadziwikanso ndi kadumphidwe kake. Onse awiri amafooka msanga, choncho silaidi yotere siidikira kuti mumwe kaye tiyi.

Gawo 7: DIC, ngati zida zilipo

Georges Nomarski, wobadwira ku Poland koma wogwira ntchito ku France, anakonza njirayi m'zaka za m'ma 1950. Prism imagawa kuwala pawiri, timizere tiwiri timadutsa m'selo moyandikana kwambiri, ndipo prism yachiwiri imatiphatikizanso. Chimene mumaona ndi kusiyana kwa malo awiri oyandikanawo.

Chitani Köhler. Ma prism ali kunja, lowetsani polarizer ndi analyser, n'kupotokola imodzi mpaka kude kotheratu. Lowetsani prism ya mu condenser yogwirizana ndi objective yanu, kenako ya pamwamba pa objective. Potokolani pang'onopang'ono mpaka kumbuyo kutuwe ndipo selo liwale mbali imodzi, inayo ide. Mkombero woyera uja kulibe, ndipo aperture ikakhala yotsegula mumatha kuona msinkhu umodzi wokha wa chinthu chokhuthala monga dzira kapena kanyongolotsi.

DIC nayo ili ndi bodza lake. Zitunda ndi maenje amene mukuonawo si maonekedwe enieni a pamwamba pa selo. Kadontho ka mafuta kamaoneka ngati chulu ngakhale kali m'kati. Komanso kamzere kogona mbali imene prism imagawira kuwala kamatha kusowa, ndiye tembenuzani silaidi muonenso. Gwiritsani ntchito mbale zagalasi pansi. Kumene pulasitiki singapeweke, monga m'zipatala zothandiza anthu kubereka, ambiri amagwiritsa ntchito njira ya Robert Hoffman ya mu 1975, imene imapereka mithunzi yofananako ngakhale pa pulasitiki.

Polarizer ndi analyser pazokha, popanda prism, zili ndi ntchito yake. Hemozoin, zotsalira zimene kachilombo ka malungo kamasiya kakadya hemoglobin, imawala pa mdimawo.

Gawo 8: Asungeni amoyo pamene mukujambula

Yisiti ndi anyezi sizidandaula. Maselo a munthu kapena a nyama amafuna madigiri 37 ndi pH ya pafupifupi 7.4. Medium yambiri (madzi olereramo maselo) imadalira mpweya wa CO2 wa 5 peresenti, ndipo mukaitulutsa mu incubator imayamba kusintha kuchoka kofiira kupita ku pepo m'mphindi zochepa. Pa ntchito ya maola ochepa, mankhwala otchedwa HEPES, a pakati pa 10 ndi 25 mM, amagwira pH kuti isasinthe. Pa ntchito ya usiku wonse mufunika kabokosi kotenthetsa kokhala ndi CO2 ndi chinyezi, chifukwa madzi akamauma mchere umachuluka ndipo maselo amakwinyika.

Yatsani chotenthetsera ola limodzi kapena kuposa musanayambe. Chitsulo chikamatentha chimafutukuka, fokasi n'kumathawa yokha. Objective ya mafuta yozizira imayamwanso kutentha pamalo penipeni pamene mukuyang'ana.

Kusapaka utoto sikutanthauza kuti kuwala kulibe vuto. Babu la halogen limatentha, ndipo kuwala kwa buluu kumavulaza kuposa kobiriwira ndi kofiira. Chepetsani getsi, ndipo lizizima pakati pa chithunzi ndi chinzake. Pa maselo ogawikana, monga a HeLa (maselo a khansa ya munthu olimidwa m'malabu) amene amagawikana pafupifupi kamodzi pa tsiku, chithunzi chimodzi pa mphindi 5 kapena 10 zilizonse n'chokwanira. Maselo oyera a m'magazi akamakwawa amafuna masekondi ochepa, pamene umuna kapena trypanosome zimafuna vidiyo. Siyani mbale ina mu incubator, ndipo pomaliza yerekezerani. Ngati ojambulidwawo achepa kapena adwala kuposa anzawo, ndiye kuti filimu yanu ikuonetsa mmene mwawazunzira.

Pa kamera, zimitsani zodzisinthira zokha kuti kuwala kukhale kofanana m'zithunzi zonse. Sungani mu TIFF, osati JPEG. Jambulani stage micrometer, silaidi yokhala ndi karula kakang'ono, pa objective iliyonse kuti mudziwe kukula kwenikweni. Micro-Manager yoyendetsera kamera ndi Fiji yoyezera zithunzi ndi zaulere. Foni yomangirira pa eyepiece imachita bwino ndithu mukaitsekera fokasi. Ndipo kumene magetsi amathimathima, kujambula kwa usiku wonse kopanda batire pa kompyuta, getsi ndi chotenthetsera ndi kutchova juga.

Gawo 9: Mukafuna manambala

Kuwerenga maselo, kuyeza malo amene adzaza ndi kulondola kayendedwe kawo, zonsezi phase contrast ndi Fiji zimatha. Kulemera kwa selo ndi nkhani ina. Mu 1952 Robert Barer anaonetsa kuti kuchedwa kwa kuwala kumayenderana ndi kuchuluka kwa zouma za m'selo, makamaka mapuloteni, pa muyezo wa pafupifupi 0.18 mL pa galamu. Makina a quantitative phase imaging amayeza kuchedwako pa kadontho kalikonse ka chithunzi, ena pogwiritsa ntchito holography imene Dennis Gabor anayambitsa mu 1948, n'kukupatsani kulemera kwa selo limodzi mu ma picogram pamene likukula. Njira yotsika mtengo ya zomwezi ndi kujambula zithunzi zitatu m'kuwala wamba, china pa fokasi, china pamwamba pang'ono, china pansi pang'ono, kompyuta n'kuwerengera kuchedwako ndi transport of intensity equation.

Kupitirira apo kuli njira zozindikira mtundu wa zinthu zimene zili m'selo. Raman imaona mafuta cha pa 2850 cm⁻¹, second harmonic generation imaonetsa collagen, ndipo NADH, imene selo limagwiritsa ntchito popanga mphamvu, imawala yokha ikawombedwa ndi kuwala koyenera. Zambiri mwa izi zimafuna ma laser a ndalama zankhaninkhani. Kwa ine, munthu asapemphe nthawi pa makina otere funso lake lisanakanike pa phase contrast yokonzedwa bwino, ndipo mafunso ambiri sakanika.

Mukamaliza

Pukutani mafuta pa 100x ndi pepala la malenzi tsiku lomwelo, ndipo onani ngati 40x sinakhudze mafutawo potembenuza, chifukwa imatero kawirikawiri ndipo chithunzi chake chimachita chifunga. Nyengo ya dzinja sungani ma objective m'chotengera chotseka bwino chokhala ndi silica gel. Chuku chikamera m'kati mwa objective ya phase chimafika pamene nsalu siifika, ndipo kuimasula nokha kumachotsa mphete pamalo pake. Bwezerani centering telescope ndi timakiyi ta mphete m'bokosi, mulembe pa chivindikiro chake kuti zili momwemo.